Tsiku limene akalambulabwalo analanda bwalo

Kwathu kuno ku Naisi netiweki imagwira bwino pa chulu china kuseri kwa khola la mbuzi la amalume. Ndi pomwe ndinakhala madzulo ena, foni m'manja, ndikumvera "Noid" ya Tyler, The Creator, ija inatuluka mu Okutobala 2024. Mukaimvetsera bwino nyimboyi, pakati pa Chingerezi cha ku Los Angeles pamatulukira mawu a munthu akuyimba Chinyanja, gitala likukalipa kumbuyo kwake. Amalume, amene ankasema mpini wa khasu chapafupi, anaimika ntchito.

"Mphwanga, tabwezera pamenepo."

Ndinabwezera.

"Ameneyotu ndi Paul Ngozi. Walowa bwanji m'foni mwako munthu woti anamwalira iwe usanabadwe?"

Amalumewa anakulira ku Zambia. Agogo anapita ku migodi ya kopa nthawi ya Federation, monga anachitira amuna ambiri a kuno, ndipo banja linabwerera amalume ali kale ndi ndevu. Ndiye za nyimbo za kumeneko, akayamba kufotokoza mumangoiwala zoti nsima yazizira.

Koma chomwe chandilembetsa lero si Tyler ayi. Ndi msuweni wanga, mwana wa amalume omwewa. Iye ndi anzake atatu ali ndi bandi. Amayeserera m'chigayo chakale chomwe chinasiya kugwira ntchito, ampulifaya akuiyendetsa ndi batire ya galimoto. Nyimbo zawo si zomwe mumamva m'minibasi za pa Songani: ndi zazitali, zimasintha kagundidwe pakati, ina imayamba ngati manganje n'kukathera kwina komwe simumayembekezera. Tsopano apatsidwa mpata wokhala akalambulabwalo pa shoo ina ya panja m'tauni mwa Zomba. Mphindi 20, nthawi ya 1 koloko masana, dzuwa lili pamutu, malipiro ake thiransipoti basi. Ndipo akukangana. Awiri akuti tiyimbe nyimbo za eni zomwe anthu akuzidziwa kale, tisakachite manyazi. Awiri akuti tiyimbe zathu.

Ine si woyimba. Chomwe ndinaphunzira ku koleji ndi kufukula zakale, ndiye ndawabweretsera nkhani ziwiri.

Yoyamba inachitika Loweruka pa 5 Julaye 1969. Kuno anthu ankakonzekera chikondwerero cha mawa lake, zaka 5 za ufulu wodzilamulira. Ku London, m'paki yotchedwa Hyde Park, gulu la Rolling Stones linakonza zoyimba mwaulere. Linali litatha zaka zoposa ziwiri lisanachite konsati yeniyeni pagulu, ndipo patangotsala masiku awiri, pa 3 Julaye, Brian Jones, mmodzi mwa oyambitsa gululi amene anali atangochokamo, anapezeka atamwalira m'dziwe losambira kunyumba kwake. Shoo inasanduka ngati maliro. Chiwerengero cha anthu amachitchula mosiyanasiyana, ena 250,000, ena mpaka 500,000. Kuti mumvetse kukula kwake, kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzinda wonse wa Blantyre.

Asanakwere a Stones panali magulu angapo olambula bwalo: Third Ear Band, Family, Screw, Battered Ornaments, gulu la Alexis Korner, ndi anyamata ena omwe ambiri m'chikhamucho anali asanawamvepo, King Crimson. Analibe chimbale ngakhale chimodzi. Anayamba kuyeserera pa 13 Januwale chaka chomwecho m'chipinda cha pansi pa kalesitilanti kena mumsewu wa Fulham Palace Road, ndipo shoo yawo yoyamba yodziwika inali pa 9 Epulo pa kalabu ya Speakeasy. Miyezi isanu ndi umodzi inali isanakwane. Greg Lake, woyimba ndi bezi, anali ndi zaka 21. Robert Fripp wa gitala anali ndi 23, chimodzimodzi Ian McDonald, amene anaphunzira nyimbo m'bandi ya asilikali. Michael Giles wa ng'oma ndiye anali wamkulu, zaka 27. Wachisanu, Peter Sinfield, sankagwira chida chilichonse pa steji: ankalemba mawu a nyimbo ndi kuyang'anira magetsi. Fripp ndi Giles anali atalawa kale kulephera. Chimbale chomwe anatulutsa mu 1968 ndi gulu lawo lakale la Giles, Giles and Fripp sichinagulidwe n'komwe.

Tsono taganizani. Anthu abwera kudzaona Mick Jagger. Agona pa kapinga, kukutentha, ena akusinza. Nzeru ya wamba ikanati yimbani blues yofewa, anthu agwedeze mutu, mutsike mwaulemu. Iwo anatsegula ndi "21st Century Schizoid Man", nyimbo yonena za nkhondo ndi misala ya dziko, nthawi yomwe Vietnam inali kuyaka. Mawu a Lake anali okhadzula. Sakisofoni ya McDonald ndi gitala la Fripp zinkayenda limodzi ngati chida chimodzi. Pakati pake pali chigawo chomwe onse anayi amathamanga liwiro limodzi, n'kuima onse nthawi imodzi, zii, n'kuyambanso, osaphonyana ngakhale pang'ono. Amene munaonapo ng'oma za gule zikusintha mwadzidzidzi wovina akangoponda mwina mukudziwa chomwe chimachitika m'mimba nthawi ngati imeneyo. Ndipo Fripp ankaliza zonsezi atakhala pa mpando, osadumpha, osagwedeza tsitsi.

Anali ndi chida china chachilendo, Mellotron. Kunja chimaoneka ngati limba, koma kuseri kwa batani lililonse kuli tepi yomwe anajambulapo kale mawu a vayolini, chitoliro kapena zida zina. Ukadina, tepiyo imalira masekondi pafupifupi 8 n'kutha. Tinene kuti ndi agogo ake a sampling yomwe msuweni wanga amachita pa laputopu. Ndi chida chimenechi anyamata anayi ankamveka ngati okestra yathunthu. Anatsekera ndi "Mars", chigawo cha nyimbo ya Gustav Holst yotchedwa The Planets, chomwe kagundidwe kake kamawerengedwa kasanu m'malo mwa kanayi komwe tinazolowera, chikukwera pang'onopang'ono mpaka phokoso la nkhondo. Zonse pamodzi, mphindi pafupifupi 40. Anthu anaimirira n'kuomba m'manja.

A Stones atakwera madzulo, Jagger anawerenga ndakatulo ya Shelley pokumbukira Jones, anaulutsa agulugufe oyera omwe ambiri anali atafera kale m'makatoni chifukwa cha kutentha, ndipo magitala awo sanali ochunidwa bwino. Chomwe chinawakometsera mathero ndi ng'oma za Ginger Johnson wa ku Nigeria ndi gulu lake, amene anakwera nawo pa nyimbo yomaliza. Dzina limenelo silitchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za tsikuli, koma Africa inalipo pa steji.

Chakudza sichiyimba ng'oma, amatero akuluakulu, koma apa chinayimba. Pa 10 Okutobala 1969 kampani ya Island inatulutsa In the Court of the Crimson King, chimbale chokhala ndi nyimbo zisanu zokha, ndipo chinafika pa nambala 5 ku Britain ndi 28 ku America. Ambiri amachitenga ngati chiyambi chenicheni cha progressive rock, kapena kuti prog: rock yomwe inakana malire a mphindi zitatu za wailesi n'kubwereka ku jazz ndi ku nyimbo za okestra. Ngati mukuganiza kuti simunawamvepo, munawamva. Mawu aja obwerezabwereza mu "Power" ya Kanye West ya 2010, otchula dzina la nyimbo ija, ndi a Greg Lake.

Koma ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ali paulendo ku America mu Disembala chaka chomwecho, McDonald ndi Giles ananena kuti akuchoka. Shoo yomaliza ya gulu loyambalo inali ku Fillmore West, San Francisco, chaka chisanathe chiyambire kuyeserera. Lake anakapanga Emerson, Lake & Palmer. Barry Godber, mnzawo amene anajambula nkhope yokuwa ija ya pa chikuto, anamwalira mu Febuluwale 1970 ali ndi zaka 24. Fripp yekha ndiye anapitiriza kunyamula dzinalo, akusintha anthu, kwa zaka zoposa 50.

Nkhani yachiwiri ndi yapafupi, ndipo ulusi wolumikiza ziwirizi ndi Jagger yemweyo. Ku Kitwe, pa Copperbelt, kunali mnyamata wa sukulu dzina lake Emmanuel Chanda amene ankavina ndi kuyimba motengera Jagger mpaka anzake anamutcha Jagari. Zambia ya nthawiyo inali ndi ndalama za kopa. M'matauni a migodi munali makalabu, maholo, magetsi, ndi masitolo ogulitsa zimbale za Beatles, Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. Mu Disembala 1970 James Brown anafika n'kuyimba ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo achinyamata anaona ndi maso awo chomwe munthu wakuda angachite ndi steji. Anatenga gitala la fuzz, lija lomveka ngati sipika yang'ambika, n'kulikwatitsa ndi ng'oma za kwawo. Muulutsi wina wa pa wailesi, Manasseh Phiri, ndi amene amatchulidwa kuti anapereka dzina: Zamrock.

Jagari anakhala woyimba wa WITCH, dzina lomwe pambuyo pake analitambasula kukhala We Intend To Cause Havoc. Chris Mbewe ndi John Muma anali pa magitala, Gedeon Mulenga pa bezi, Boidi Sinkala pa ng'oma. Chimbale chawo choyamba, Introduction, cha m'ma 1972, ndi chimodzi mwa zimbale zoyambirira za bandi ya ku Zambia, ndipo anachita kukachidinditsa ku Nairobi chifukwa kwawo kunalibe makina. Kenako kunabwera In the Past mu 1974, Lazy Bones!! mu 1975 ndi Lukombo Vibes mu 1976. Mukafuna kumva pomwe Zamrock inayandikira kwambiri prog, yambani ndi chomalizachi. Gulu la Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga linajambula Wings of Africa ku Nairobi, ndipo Amanaz inatulutsa Africa mu 1975.

Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, anabadwa mu 1949 ndipo anakulira m'makomboni a Lusaka. Anadutsa mu Musi-O-Tunya asanapange Ngozi Family pamodzi ndi Chrissy Zebby Tembo wa ng'oma. Day of Judgement inatuluka mu 1976, 45,000 Volts mu 1977, ndipo m'chimbale chachiwirichi ndi momwe muli "Nizakupanga Ngozi" yomwe Tyler anatengako. Taonani mainawo: Nyirongo, Tembo, Mbewe, Phiri. Mukawaitana pa msika wa Mzimba kapena pa Mchinji anthu atembenuka. Ngozi ankayimba za moyo wa mukomboni, za njala, za miseche, za akazi ndi amuna, m'Chinyanja cha m'tauni, pa gitala lolemera ngati la Black Sabbath.

Mabandi amenewa sanakhale ndi Hyde Park imodzi. Anali ndi ma Hyde Park ang'onoang'ono ambiri: maholo a migodi, mabwalo a mpira, zionetsero za ulimi ndi zamalonda komwe mabandi ankapikisana panja anthu ali khamu. Kumeneko ndi komwe dzina linkapangidwa kapena kufa. Jagari ankadumpha kuchoka pamwamba n'kugwera m'chikhamu. Keith Kabwe wa Amanaz ankatulukira m'bokosi la maliro. Amalume akuti anamuona Ngozi ku Lusaka akuliza gitala ndi mano.

"Tinapita kukaona ng'ombe za pa chionetsero," anatero akuseka, "koma ng'ombezo sindikuzikumbuka ngakhale imodzi."

Chodabwitsa n'choti boma linathandizira. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Kenneth Kaunda, yemwenso ankaliza gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za ku Zambia. Cholinga chake chinali chikhalidwe ndi umodzi wa dziko la chipani chimodzi, osati anyamata a mabuluku otambalala kumiyendo. Koma wailesi inafuna nyimbo zambiri mwadzidzidzi, ndipo makampani monga Teal ku Ndola ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo anayamba kusaka mabandi.

Zinatha msanga. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, mafuta anakwera, ndipo munthu wosowa ufa sagula chimbale. Mu 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa misasa ya omenyera ufulu a ZAPU pafupi ndi Lusaka, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, mabandi n'kumayimba masana okha. Disco inalowa, yotchipa chifukwa imangofuna munthu mmodzi ndi zimbale, kenako kalindula analanda wailesi. Pomaliza Edzi inakolola m'badwo wonse wa oyimba. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Mwa anyamata a WITCH yoyamba ija anatsala Jagari yekha. Iye anaphunzira pa Evelyn Hone College, anakhala mphunzitsi wa nyimbo, kenako anakathera ku migodi kukumba miyala ya mtengo wapatali ndi manja.

Mwina mukufunsa kuti nanga kuno kwathu? Oyimba aluso tinali nawo. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anakayimba ku Ulaya mu 1972. Kalimba inamveka mpaka pa BBC ndi "Sometimes I Wonder". Pompano m'dera lathu kunali Maurice Maulidi ndi Songani Swing Stars. Koma nthaka inali ina. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu pa zimbale, mafilimu, mabuku ndi zisudzo. Mu 1973 kunabwera Decency in Dress Act yoletsa amayi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo tsitsi lalitali kwa amuna linali mlandu, moti alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege. Ngakhale "Cecilia" ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo oyimba ambiri ankajambulira komweko, matepi n'kutsala komweko. Ndiye tangoganizani mnyamata wa pa Domasi mu 1975 atasunga tsitsi, akuliza gitala ndi mano, gulu lake dzina lake likulonjeza chisokonezo. Akanafika naye kutali?

Tsono nkhani ziwirizi zikukumana pati? Poyamba ndinkaganiza kuti phunziro lake ndi kulimba mtima basi: King Crimson sinayimbe zomwe khamu linkayembekezera, Ngozi sanasiye Chinyanja kuti amveke ngati mzungu. Zimenezo n'zoona, komatu si zonse. Kulimba mtima kwa pa Hyde Park kunali ndi miyezi ya kuyeserera tsiku ndi tsiku kumbuyo kwake. Kuima onse nthawi imodzi kuja sikubwera ndi pemphero. Komanso pa steji yomweyo tsiku lomwelo panadutsa magulu ena omwe lero muyenera kuchita kufufuza kuti mudziwe kuti analipo.

China ndi ichi. Makamera a Granada Television tsiku lija anali pa Stones. Za King Crimson kunatsala kachidutswa kakafupi ka kanema ndi mawu ojambulidwa mosalongosoka. Koma wina anasunga, ndipo mu 2002 mawuwo anatulutsidwa pa CD. Lero mungamvere mphindi zimenezo muli pa chulu ku Naisi. Zamrock nayo inapulumuka chifukwa cha zomwe zinagwirika ndi manja: zimbale zokalambakalamba zomwe osonkhanitsa a kunja anayamba kuzisaka, mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012. Kenako kunabwera filimu ya Gio Arlotta mu 2019, Jagari anabwerera pa steji pamodzi ndi Patrick Mwondela ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya, ndipo mu 2023 anatulutsa Zango, patatha zaka pafupifupi 40 chitulukire chimbale chomaliza cha WITCH. Sampa the Great anawaitana pa chimbale chake cha 2022. Travis Scott anatengako kwa Amanaz. Zomwe zinalowa m'chimbale zinadzuka. Koma masana aja a pa chionetsero, Ngozi ali ndi gitala kukamwa, ambiri mwa iwo atsala m'mitu ya anthu ngati amalume, ndipo amalume ali ndi zaka 68 ndi BP.

N'zowawa pang'ono kuti ine, wolankhula chinenero chomwe Ngozi ankayimbira, ndinamudziwa kudzera kwa munthu wa ku California, pamene mboni inali kuseri kwa khola nthawi yonseyi. Sindinafunsepo. Ku koleji ndinalemba mapepala a Chilembwe ndi a Cabinet Crisis ya 1964, koma sizinandifikire m'mutu kuti zomwe amalume ankavina nazonso ndi mbiri.

Dzulo ndinapita kuchigayo kuja. Ndinawafotokozera anyamatawo zonsezi, mwina motalika kuposa apa, mpaka wa ng'oma anayamba kuyasamula. Amalume anabwera pambuyo, anakhala pa thumba la madeya, n'kumvetsera nyimbo yawo yaitali ija kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Itatha anakhala chete kanthawi.

"Pakati paja pamene mumaima nonse," anatero, "simukuima nonse. Wa bezi akumatsalira."

"Ndiye tiisiye, bambo?" anafunsa msuweni wanga.

"Ndati muisiye? Mwatsala ndi masabata atatu. Bwerezani."

Anabwereza kasanu ndi kawiri batire isanathe. Za mkangano uja sanagwirizanebe kwenikweni. Zikuoneka kuti ayamba ndi nyimbo imodzi yodziwika kuti anthu asendere pafupi, kenako mphindi 14 zotsalazo ndi zawo. Mwina pa 1 koloko padzakhala anthu 40 okha, theka lawo ogulitsa chipisi ndi mazira. Mwina saundi idzavuta. Palibe akulonjeza Hyde Park.

Ine ntchito yanga ndaidziwa. Ndafufuta mavidiyo a ukwati wa mnzanga ndi magulu atatu a WhatsApp, ndapeza malo okwana 6 GB, ndabwereka power bank. Ndidzaima kutsogolo, kumanzere kwa sipika, ndipo ndidzajambula kuyambira pomwe akulumikiza mawaya. Ndipo Lamlungu likubwerali ndikukhala pansi ndi amalume, foni pakati pathu, kuti andiuze bwinobwino za tsiku lija anapita kukaona ng'ombe.